Woimba Naye Akonzekere Masiku a Mwera

Kuno kunyanja, kuyambira ku Usisya mpaka ku Chintheche ndi ku Kande, palibe mudzi wosowa woimba. Ana athu amakulira m'kwaya ya Sande Sukulu, atsikana amavina chilimika pa Chaka Chatsopano, ndipo anyamata ambiri amadziwa kuliza lipenga asanadziwe n'kupalasa bwato komwe. Makolo athu ankaimba pantchito, pamaliro ndi m'Nyumba ya Mulungu, koma sankayembekeza kuti nyimbo ingagulire munthu mchere ndi sopo. Lero zinthu zasintha. Mwana amene walemba mayeso a Folomu 4 angathe kuima pamaso pa atate ndi amayi ake, nanena mosaseka kuti ntchito imene akuifuna pamoyo wake ndi ya kuimba.

Makolo ambiri tikamva mawu amenewa timachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena timakalipa, pokumbukira za mowa, za kuchezera m'mabala ndi za oimba amene adamwalira ali amphawi. Ena timangoti, "Zili kwa iwe," n'kubwerera ku ntchito zathu. Njira zonse ziwirizi zimamsiya mwana yekha, ndipo amakaphunzira ntchitoyo kwa anthu amene sitikuwadziwa. M'nkhani ino tifuna kuonetsa njira yachitatu, ndiyo kumkonzekeretsa mwanayo monga timachitira ndi mmisiri wina aliyense, makamaka chifukwa cha masiku amene sadzaitanidwa kukaimba kulikonse.

Ife a kunyanja sitisowa kuuzidwa zambiri pa chimenechi. Msodzi wa usipa amadziwa kuti mwezi ukawala nyali zake sizikopa nsomba, ndiponso kuti m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti mwera umatha kugoneka mabwato pamchenga masiku angapo otsatizana. N'chifukwa chake msodzi wanzeru amakhala ndi munda wa chinangwa, amasoka chilimira chake nyanja ikakwiya, ndipo sadya ndalama zonse za usiku umodzi. Ntchito ya kuimba ili chimodzimodzi. Ili ndi usiku wa nsomba zambiri, ilinso ndi mwera wake.

Masiku atatu pa chaka

M'chaka cha 2004 mnyamata wa ku Britain, Will Jameson, adayambitsa chikondwerero cha zoimbaimba chotchedwa Lake of Stars pa Chintheche Inn pompano. Chidachitikira kuno zaka zingapo, kenaka chidasamukira ku Salima ndi ku Mangochi. Chidabwereranso ku Chintheche mu 2016, ndipo mu 2019 chidachitikira ku Kachere. Ana athu adaona ndi maso awo oimba a m'dziko muno ndi a maiko akunja ali pansanja yowala magetsi, khamu la anthu likuwaombera m'manja. Ambiri adayamba kulota pamenepo, ndipo sitiwadzudzula ayi.

Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Chikondwerero chotere chimatenga masiku atatu, pamene chaka chili ndi masiku 365. Nanga masiku 362 otsalawo woimba adya chiyani? Maukwati amachuluka m'chilimwe anthu atakolola, ndipo alendo a m'mahotela a m'mbali mwa nyanja amachepa mvula ikayamba. Tikumbukirenso kuti mu Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utayandikira, boma lidaletsa misonkhano ya anthu opitirira 100. Oimba amene ankadalira kusonkhana kwa anthu kokha adakhala miyezi yambiri manja ali lende. Umenewo udali mwera waukulu, ndipo palibe angatilonjeze kuti wina sudzabweranso.

Mphatso ndi chiyambi chabe

Chinthu choyamba chimene mwana ayenera kumva kwa ife n'chakuti mawu okoma si ntchito. Buku la 1 Mbiri, mutu 25, likutiuza kuti mfumu Davide adapatula ana a Asafu, a Hemani ndi a Yedutuni kuti azitumikira ndi zoimbira, ndipo ophunzitsidwa kuimba onse pamodzi adali 288. Pakati pawo padali aphunzitsi ndi ophunzira. Tsono ngati oimba a m'Kachisi ankakhala pansi kuphunzira, wa ku Mpamba kapena wa ku Usisya angakane bwanji?

Mpingo wathu udayamba ndi mwambo womwewu. Dr Robert Laws, atachoka ku Cape Maclear, adakhazika mishoni pa Bandawe mu 1881, nasamukira ku Khondowe mu 1894. Pa sukulu ya Overtoun anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga nyumba ndi kusindikiza mabuku zaka zingapo m'manja mwa mmisiri, asanaloledwe kudzitcha amisiri. Amishoni omwewo adaphunzitsa solofa m'sukulu za m'midzi, kotero kuti agogo athu ankatha kutenga nyimbo imene sadaimvepo, n'kuiimba poyang'ana papepala monga munthu awerengera kalata. Masiku ano makwaya ambiri amaphunzira nyimbo poimvera pa foni, ndipo kiyibodi imadziimbira yokha ng'oma ndi besi munthu atangodina batani. Zimenezi zimathandiza Lamulungu m'mawa, koma sizipanga mmisiri.

Wofuna kudya za kuimba adziwe kuwerenga ndi kulemba solofa, kenaka aphunzirenso zizindikiro zolembedwa pamizere isanu, zimene oimba a dziko lonse lapansi amagwiritsa ntchito. Agwire chida chimodzi, kaya gitala, kiyibodi, ng'oma kapena lipenga lamkuwa, mpaka azitha kuimba nyimbo imodzi m'makiyi onse osadalira batani losinthira. Aphunzitse khutu lake kuti akamva nyimbo azitha kuilemba. Apatule ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse, osati pokhapokha kukakhala mpikisano, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo aphunzire kuimba ndi anzake: kufika nthawi yake, kumvera wotsogolera, ndi kuchepetsa mawu ake kuti a mnzake amveke.

Malo ophunzirira alipo m'dziko muno. Yunivesite ya Malawi ku Zomba imaphunzitsa zoimba. Yunivesite ya sayansi ya MUST ku Thyolo ili ndi digiri ya nyimbo za Chiafirika. Bungwe la Music Crossroads lidatsegula sukulu yake ku Area 23 mu Lilongwe m'chaka cha 2013, ndipo ku Karonga mayi wa ku Korea, Agnes Kim, adayambitsa sukulu ya Lusubilo imene idatulutsa achinyamata odziwa kuliza malipenga amkuwa. Asilikali ndi apolisi nawonso ali ndi magulu oimba olandira malipiro pakutha pa mwezi, ndipo kumeneko nyimbo amaziwerenga papepala. Koma ku yunivesite salowako munthu wopanda satifiketi yabwino ya MSCE. Chotero mwana wonena kuti asiya sukulu chifukwa cha nyimbo akudzitsekera yekha makomo amene nyimbo zomwezo zikadamtsegulira.

Chuma chili pakhomo

Achinyamata ambiri amaganiza kuti njira ya kutchuka ndi kutsanzira oimba a ku Nigeria, a ku Jamaica kapena a ku America. Koma mlendo wochokera ku London sangalipire ndege kudzamva chithunzithunzi cha zimene wazisiya kwawo. Chimene alibe ndicho chimene ife tili nacho.

Taonani malipenga. Gule ameneyu adayamba amuna atabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, potsanzira perete ndi mabandi a asilikali. Posowa malipenga amkuwa, makolo athu adasema awoawo a zikho, natseka kabowo ndi nembanemba ya kangaude kuti mawu azinjenjemera. Boma lililonse la malipenga lili ndi kingi wake ndi maudindo ena, limasonkha ndalama za zovala, ndipo limakonzekera masabata ambiri lisanakakumane ndi boma lina. Mnyamata amene adaleredwa m'boma la malipenga waphunzira kale kusunga nthawi, kumvera ndi kusamala thumba la gulu, zinthu zimene mabandi ambiri a m'tauni amagwa nazo.

Nyimbo za mpingo wathu zikuchitiranso umboni. Ku Loudon, kumene lero timati Embangweni, Dr Donald Fraser ankachititsa mipikisano ya kupeka nyimbo, ndipo anthu monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole adaika mawu a Uthenga Wabwino pa maimbidwe a kwawo. Nyimbo zawo tikuziimbabe m'buku la Sumu za Ukhristu, ndipo zina za nyimbo za kumpoto kuno zidamasuliridwa m'Chingerezi n'kulowa m'mabuku a nyimbo a ku Scotland komwe.

M'masiku athu ano tili ndi Gasper Nali wa m'boma lino la Nkhata Bay. Iye adadzipangira babatoni wa chingwe chimodzi, wotalika pafupifupi mamita atatu, amene amamliza ndi kamtengo ndi botolo, phazi likuomba ng'oma ya chikopa cha ng'ombe. Kanema wake adafalikira pa intaneti, chimbale chake chidatuluka mu 2015 ndi kampani ya Spare Dog Records, ndipo pambuyo pake adakaimba ku Ulaya. Tikumbukirenso Wambali Mkandawire wa ku Mlowe, m'mbali mwa nyanja yomweyi, amene adabadwa mu 1952 namwalira mu Januwale 2021. Iye adaluka maimbidwe a kumpoto pamodzi ndi jazi, ndipo chimbale chimene chidamveketsa dzina lake kunja kwa dziko lino, Zani Muwone, chidatuluka mu 2002, iye ali ndi zaka pafupifupi 50. Mwana wa zaka 19 amene wataya mtima chifukwa nyimbo yake yoyamba sidamveke pa wailesi alingalire zimenezi.

Kutchuka sikuphika nsima

Chinthu chachitatu ndi ndalama, ndipo pano ndi pamene oimba athu ambiri adapunthwa. Agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene adabadwa mu 1930, adajambulanso nyimbo zawo pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020. Nyimbo ya Linny Hoo idazungulira dziko lonse pa TikTok, ndipo anthu adaimvera kokwana mamiliyoni ambirimbiri. Koma manyuzipepala a mu 2022 adalemba kuti chuma chimene chidafika m'manja mwa agogowo sichidalingane n'komwe ndi kutchuka kwa nyimboyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzina lingathe kufika ku Johannesburg ndi ku New York mwini wake akusowa ndalama ya feteleza.

Mwana adziwe kuti nyimbo ndi katundu, monga bwato kapena munda, ndipo malamulo a dziko amaiteteza. Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 potsata lamulo la 1989, ndipo lamulo latsopano lidabwera mu 2016. Bungweli limatolera ndalama ku nyumba za wailesi ndi za kanema, ku mahotela ndi malo ena oimbitsa nyimbo, ndiponso kamsonkho ka pa zipangizo zosungira nyimbo monga mafoni, n'kugawira eni nyimbo. Koma silingagawire munthu amene sadalembetse dzina lake ndi nyimbo zake. Umwini wa nyimbo umakhala moyo wonse wa woipeka ndi zaka zina 50 iye atamwalira, kotero kuti wogulitsa umwini umenewu pa mtengo wa thumba limodzi la chimanga wagulitsa cholowa cha ana ndi adzukulu ake.

Tsono asanalowe mu situdiyo, alembe papepala kuti mawu adapeka ndani, maimbidwe adapeka ndani, ndipo chojambulidwacho chikhala cha yani. Akaitanidwa ku ukwati kapena ku hotela, pangano lilembedwe: tsiku, malo, maola oimba, malipiro, wolipira galimoto ndi mafuta a jenereta, ndiponso gawo la ndalama loperekeratu asananyamuke pakhomo. Pakhale mboni ziwiri. Ena amaona ngati kupempha pepala ndi kusakhulupirira m'bale, koma pangano lolembedwa ndilo limasunga chibale. Ndalama zikalowa zigawidwe tsiku lomwelo pamaso pa onse: chachikhumi, gawo lokonzera zida, gawo losungira miyezi ya mvula, ndipo chotsalacho ndicho chogawana. Gulu likhale ndi mlembi ndi msungichuma, ndi kabuku kolembamo tambala iliyonse. Magulu ambiri amatha chifukwa cha envelopu imene munthu mmodzi adaitsegulira kuseri, osati chifukwa cha kusowa luso.

Munda wa chinangwa

Mtumwi Paulo ali ku Korinto ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila, monga tiwerenga pa Machitidwe 18, ndipo utumiki wake sudachepe chifukwa cha chimenecho. Oimba ambiri amene akhalitsa pantchitoyi, kuno ndi kunja komwe, sadalira kuimba pansanja kokha. Ena amaphunzitsa: Donald Kachamba wa ku Chileka, amene adayamba ali mwana kuimba m'misewu ya Blantyre ndi mkulu wake Daniel, adakaphunzitsa nyimbo za kwawo pa yunivesite ya UCLA ku America mu 1999 ndi 2000. Ena amaphunzitsa makwaya, amakonzera anzawo nyimbo m'mawu anayi, amajambula mu situdiyo, amabwereketsa zokuzira mawu, kapena kukonza zida zoonongeka.

Chomalizachi tichitsindike. Kiyibodi ya mpingo ikafa kuno, kawirikawiri imakwera galimoto kupita ku Mzuzu. Mnyamata kapena mtsikana amene waphunzira zamagetsi pamodzi ndi zoimba sangasowe ntchito pakati pa Usisya ndi Kande. Momwemonso amene wapita ku sukulu ya uphunzitsi adzapeza kuti phunziro la zaluso ku pulayimale likulira aphunzitsi odziwadi kuimba. Tisamuuze mwana kuti ntchito yachiwiriyi ndi chizindikiro cha kulephera. Ndiyo imampatsa mphamvu yokana malipiro achipongwe ndi malo osayenera, pakuti munthu wa njala sasankha koimba.

Chida chosagulika

Gitala ikathyoka timagula ina, koma kholingo ndi makutu sizigulidwa. Mnyamata wa zaka 12 mpaka 15, mawu ake akamasintha, asakakamizidwe kukweza monga kale; aimbe mofatsa mpaka mawu atakhazikika. Woimba amwe madzi ambiri, ayambe ndi kutenthetsa mawu pang'onopang'ono, ndipo mawu akasasa apumule, osati kulimbana nawo. Asaime pafupi ndi zokuzira mawu maola ambiri. Makutu akamalira okha pambuyo pa kuimba, chimenecho ndi chenjezo, ndipo kumva kukaonongeka ndi phokoso sikubwereranso.

Za mowa, fodya ndi chamba tinene poyera. Pantchito imeneyi anthu amakonda kulipira woimba ndi botolo m'malo mwa ndalama, ndipo amamtama usiku n'kumuiwala m'mawa. Ndi ntchito ya usiku ndi ya maulendo, ndipo tonse tikudziwa mabanja amene Edzi idawalanda ana oyendayenda. Mtsikana asapite yekha ku situdiyo kapena kwa munthu wolonjeza kumtchukitsa; apite ndi mlongo wake kapena mayi wa Umanyano. Ndipo Mkhristu wachinyamata akhale pansi ndi makolo ake ndi mkulu wa mpingo, agwirizane za malo amene sadzaimbako, mawu amene sadzawaika m'nyimbo, ndi mmene adzasungire tsiku la Ambuye. Malire otere aikidwe ndalama zisanaikidwe patebulo, chifukwa pamenepo mtima umafewa msanga.

Gawo la mpingo

Tisamalize tisanadziyang'ane tokha. Nehemiya atabwerera ku Yerusalemu, monga tiwerenga pa mutu 13 wa buku lake, adapeza kuti Alevi ndi oimba adasiya Nyumba ya Mulungu n'kupita ku minda yawo chifukwa sankalandira magawo awo. Iye sadakalipire oimbawo. Adatsutsana ndi akuluakulu. Kuimba m'mapemphero ndi nsembe ya Mkhristu aliyense, ndipo palibe ayenera kulipiritsa Mulungu. Koma pa ukwati timalipira holo, galimoto, keke ndi wojambula zithunzi, pamene woliza kiyibodi amene wakhala padzuwa tsiku lonse timamuuza kuti, "Mulungu akudalitse," n'kumpatsa mbale ya mpunga. Amene amaphunzitsa kwaya madzulo atatu pa sabata, chaka ndi chaka, nthawi zina sitimgulira n'choko chomwe. Tikatero tisadabwe ana athu aluso akamapita kumene luso lawo limawerengedwa.

Pali zinthu zimene sesoni iliyonse ingachite popanda kudikira thandizo lakunja. Itsegule kalasi ya solofa Loweruka masana, pakuti m'mipingo yathu mukadali madoda ndi amayi oidziwa bwino, ndipo akapita apita nayo. Ilole kuti zida za mpingo ziziphunziridwa m'kati mwa sabata pamaso pa munthu wodalirika, m'malo mozitsekera m'kabati kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Isankhe mkulu mmodzi wodziwa kuwerenga mapepala kuti aziona mapangano a achinyamata asanasaine. Ndipo mipingo ingapo ya m'Presbiteri imodzi ingathe kusonkha kathumba kotumizira mwana mmodzi kapena awiri ku sukulu ya zoimba, pa pangano lakuti adzabwerera kudzaphunzitsa anzawo. Mutu umodzi susenza denga.

Makolo anzathu, mwana akadzanena kuti afuna kukhala woimba, tisafulumire kukana kapena kuvomera. Timfunse mafunso amene tikadamfunsa akadati afuna bwato: Waphunzira kwa yani? Umagwira chida chako maola angati pa tsiku? Satifiketi yako ili pati? Nanga miyezi yopanda ntchito udzadya chiyani? Ngati ayankha bwino, timthandize ndi mtima wonse. Ngati sayankha bwino, timpatse chaka chimodzi kapena ziwiri kuti akonze mayankho ake, ife tili pambali pake. M'mera m'poyamba.

Ndipo inu achinyamata, Mulungu amene adakupatsani mawu ndiye adzakufunsani mmene mudawagwiritsira ntchito. Phunzirani mozama, lembani mapangano anu, limani munda wanu, sungani thupi lanu ndi dzina lanu. Mukatero mudzakhala mukuimbabe tsitsi litachita imvi, ana anu atadya ndi kupita ku sukulu, ndipo mpingo umene udakulerani udzayamika Mulungu chifukwa cha inu.